Kalata ya Mbusa: Kusamalira Odwala Matenda a Maganizo Kunyumba ndi mu Mpingo

Okondedwa akulu a mpingo, atumiki, Amayi a Mvano, achinyamata ndi Akhristu nonse,

Chisomo ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate wathu ndi Ambuye Yesu Khristu zikhale nanu.

Ndikukulemberani za abale ndi alongo athu amene akudwala matenda a maganizo, komanso za mabanja amene akuwasamalira. M'milaga yathu muli makomo amene asenza mtolo umenewu zaka zambiri mwakachetechete, ndipo ife monga mpingo sitifikako kawirikawiri. Munthu akagonekedwa ndi malungo kapena akathyoka mwendo timapita kukamuzonda titanyamula ufa ndi nkhuni, koma akasokonezeka maganizo timangofunsira patali, ngati kuti matendawo ndi mlandu wa banjalo. Izi ziyenera kusintha pakati pathu.

Ambiri akamva za matendawa amangoganiza za chipatala cha boma cha ku Zomba, ndipo amayesa kuti wodwala akapita kumeneko nkhani yatha. Chipatala cha Zomba Mental, pamodzi ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, chimathandiza munthu pamene matenda afika pokula, koma akapezako bwino amatulutsidwa nabwerera kwawo. Moyo wake wonse wotsala amakhala pakati pathu, ndipo kuti apitirire kuchira kapena abwererenso m'mbuyo zimadalira kwambiri zimene akupeza pakhomo, pamudzi ndi m'tchalitchi. Ndipotu odwala ambiri safunika kugonekedwa konse. Pa zipatala za m'maboma pali anamwino ndi madokotala ophunzira za matendawa, amene amaona odwala pa masiku oikika ndi kuwapatsa mankhwala akamwera kunyumba, ndipo alangizi a zaumoyo amene timakhala nawo m'midzi muno angatiuze tsiku ndi malo oyenera kupita.

Pa nkhani ya mankhwala ndikufuna ndilankhule mosapsatira. Mankhwala monga chlorpromazine ndi haloperidol, kapena jakisoni wobayitsa kamodzi pamwezi, sagwira ntchito tsiku limodzi, ndipo munthu amayenera kupitiriza kulandira ngakhale akuoneka kuti wachira. Vuto limene limabweza ambiri m'mbuyo ndi kusiya mankhwala pakati, mwina chifukwa chosowa ndalama yoyendera, mwina chifukwa mankhwalawo akumuumitsa khosi, kumunjenjemeretsa manja, kumutulutsa malovu kapena kumugonetsa kwambiri. Zikatero musataye mapiritsi, koma bwererani naye kuchipatala mukafotokoze, pakuti dokotala akhoza kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu, kapena kuwonjezera mankhwala ena ochotsa kuuma kwa thupiko. Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi chakuti ena amasiya chifukwa munthu wina wawauza kuti kumwa mankhwala ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Mu mpingo uno tidzapempherera wodwala aliyense ndi mtima wonse, koma mkulu, mtumiki kapena mlaliki aliyense asauze munthu kuti asiye mankhwala ake popeza wapemphereredwa. Mulungu amene timamupempha machiritso ndi yemweyo amene anapatsa anthu nzeru zochiritsira.

Chimodzimodzinso kumanga wodwala ndi chingwe kapena unyolo, kumutsekera m'nyumba, kumukwapula kapena kumukakamiza kusala kudya masiku ambiri n'kosayenera. Ndikudziwa kuti mabanja ena amachita izi chifukwa cha mantha ndi kutopa, osati nkhanza, koma chingwe chimasiya mabala m'manja ndi m'miyendo ndipo chimakulitsa mantha a wodwalayo. Pa Marko 5 timawerenga za munthu amene anthu a kwawo anayesa kumumanga ndi maunyolo nalephera. Yesu atamuchiritsa, munthuyo anapempha kuti apite naye, koma Ambuye anamubweza kwawo kwa abale ake. Ngati wodwala wafika pokhala chiopsezo kwa iye mwini kapena kwa ena, itanani amuna odekha amene iye amawakhulupirira, mulankhule naye modzichepetsa, mumutengere kuchipatala tsiku lomwelo. Munthu amene wasokonezeka mwadzidzidzi thupi likutentha musachedwe naye n'komwe, chifukwa mwina ndi malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi. Mayi amene wangobereka kumene nayamba kulankhula zosamveka, kusagona kapena kukana mwana wake, nayenso afunika chipatala mwachangu, osati kufufuza amene wamulodza. Ndipo wina akanena kuti watopa ndi moyo, musaseke kapena kumudzudzula. Khalani naye, chotsani pafupi chingwe ndi mankhwala a m'munda, ndipo mupite naye kukalandira thandizo.

Tsopano taganizirani za wosamalira. Kawirikawiri amakhala mayi wachikulire amene amagona khutu lili kukhomo, amene amabisa mipeni ndi machesi usiku uliwonse, amene amasunga kabuku ka kuchipatala m'pepala la pulasitiki kuti kasanyowe, namawerenga mapiritsi otsala kuti adziwe ngati afike tsiku la kuchipatala. Munda wake umamera thengo chifukwa sangachoke pakhomo, ku maliro ndi ku misonkhano ya Mvano sapezekanso, ndipo ena amayamba kunong'ona kuti wafooka pa chikhristu. Mayi ameneyu safuna ulaliki wautali. Akufuna munthu woti akhale ndi mwana wake masana amodzi kuti iye akapalire kapena angogona tulo, ndi wina womuperekeza pa tsiku la kuchipatala.

Mutu umodzi susenza denga. Choncho ndikupempha mlaga uliwonse udziwe makomo otere, mwaulemu ndi mosunga chinsinsi, ndipo usankhe anthu awiri kapena atatu okhwima maganizo oti aziyendera banjalo mosalekeza, kukumbutsa tsiku la mankhwala ndi kuona msanga zizindikiro zoti matenda akubwerera, monga kusagona, kudzipatula ndi kukwiya msanga. Atumiki aganizire zopatula gawo la thumba la zachifundo kuti likhale la ndalama zoyendera, pakuti nthawi zina mankhwala amasowa pa chipatala chapafupi ndipo banja limayenera kupita kutali. Amene wapezako bwino tisamusiye chikhalire: apatsidwe khasu pamunda wa mpingo, abwerere m'kwaya, asese nawo m'tchalitchi, ndipo amene muli ndi maganyu mumulembe ndi kumulipira monga wina aliyense. Makolo, letsani ana anu kutsatira odwala m'misewu powanyoza ndi kuwagenda. Achinyamata, tetezani anzanu ku chamba ndi kachasu, zimene zimadzutsa matenda amene anali atagona.

Kumvetsera nakonso ndi chithandizo, makamaka kwa amene akuvutika ndi nkhawa ndi kukhumudwa kwakukulu. Ku Harare m'dziko la Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pafupi ndi chipatala, namamvetsera munthu ndi kumuthandiza kumasula mavuto ake limodzilimodzi, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti anthu ambiri amapepukidwa. Agogo otere tili nawo mu mpingo uno, chimene chikufunika ndi maphunziro oyenera. Kunonso kwathu kuli bungwe la Mental Health Users and Carers Association, limene limasonkhanitsa odwala ndi owasamalira kuti azilimbikitsana, ndipo n'zotheka kuti mabanja athu azikumana chimodzimodzi m'chipinda cha tchalitchi kamodzi pamwezi.

Ndikupempha akulu a mpingo kuti nkhaniyi ikambidwe pa bwalo lawo likudzali, ndi kuti tiitane namwino wa matendawa wochokera ku chipatala cha boma lathu adzaphunzitse oyendera mabanja lisanafike tsiku la 10 Okutobala, limene dziko lonse limakumbukira za thanzi la maganizo. Banja lililonse limene likufuna kulankhula nane pa lokha, khomo langa ndi lotsegula, ndipo zimene tidzakambirane sizidzatuluka kunja.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mbusa wanu mwa Khristu