Kafukufuku wa achinyamata a eni nthaka ku Canada: eni mudzi akhale kutsogolo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za achinyamata a mitundu ya eni nthaka ku Canada, omwe timangowamva pakagwa zovuta. Mu Epulo 2016, akuluakulu a mudzi wa Attawapiskat ku Ontario analengeza kuti zinthu zafika poopsa, anthu 11 atayesa kudzipha usiku umodzi wokha. Atolankhani anakhamukirako, kenako anabwerera kwawo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhani zotere zimasiya chithunzi chakuti mtundu wonsewo ndi wodwala maganizo, pamene sizili choncho. Mu 1998, ofufuza Michael Chandler ndi Christopher Lalonde anatulutsa zomwe anapeza m'midzi ya eni nthaka m'chigawo cha British Columbia. M'midzi ina achinyamata ankadzipha mochuluka zedi, koma m'midzi yambiri simunachitike maliro otere ndi amodzi omwe pa zaka zomwe anafufuzazo. Midzi imene inkayendetsa yokha sukulu, zaumoyo ndi chitetezo, komanso kumenyera nthaka ya makolo, ndi imene inkapulumutsa ana ake. Mu 2007, ali pamodzi ndi Darcy Hallett, anapezanso kuti kumene anthu oposa theka amalankhula chinenero cha makolo, achinyamata odzipha anali ochepa kwambiri.

Za chinenerozi zimandikhudza mtima. Ana a eni nthaka pafupifupi 150,000 anachotsedwa m'manja mwa makolo n'kukaikidwa m'sukulu zogonera komweko, kumene ankalangidwa akangolankhula chakwawo. Pakati pa 1942 ndi 1952, ofufuza ankayeserera za kadyedwe pa anthu anjala, kuphatikizapo ana a m'sukuluzi, makolo osafunsidwa. Ndiye lero mlendo akafika ndi mapepala a mafunso, agogo am'khulupirire bwanji?

N'chifukwa chake ndimagwirizana ndi mfundo zoyendetsera kafukufuku zotchedwa OCAP, zomwe mitunduyi inakhazikitsa kuyambira mu 1998: zonse zosonkhanitsidwa pa kafukufuku ndi za mudziwo, ndipo mudzi ndiwo ulamulire ntchitoyo, uone zotsatira, uzisungenso. Ena amadandaula kuti njirayi imachedwetsa ntchito. Ichedwe, bola mnyamata amene waulula zakumtima adziwe kumene mawu ake akupita.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti mukamalemba za kafukufuku wotere muzitiuza amene anasankha mafunsowo, ngati achinyamatawo anali nawo pokambirana, ndiponso ngati zotsatira zinabwerera kumudzi.

Ine wowerenga wanu,
ku Vancouver