Za chithunzi cha bambo ako, ndi mthiko uja

Ulongwe, Angónia

Mnzanga wa paubwana,

Landira moni kuchokera kuno kumapiri. Ndikhulupirira kuti alamu ndi ana ali bwino ku Johannesburg kumeneko. Kuno Julayi watigwira pakhosi. M'mawa nkhungu ikumakuta phiri la Domwe mpaka dzuwa litakwera, ndipo amene ali ndi madimba akuthirira mbatatesi zala zili gwa ndi chisanu.

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndinaumvera katatu. Sindinayankhe pomwepo chifukwa ndinadziwa kuti pakamwa tikangana, ndiye ndati bola ndilembe. Ukuti bambo sakumwetulira, suti imene unawatumizira sanavale pa chithunzi chachikulu, ndipo ndinataya nthawi kujambula mthiko ndi lichero chonsecho iwe unandituma kukajambula munthu. Pamene unati kumbuyo kwawo kwada ngati ndinawajambulira m'dzenje, ndinaseka ndekha mu studio mpaka mnyamata wondithandiza anasuzumira.

Suti anavala, usadandaule. Ndinafika kumudzi Loweruka m'mawa pa njinga yamoto, n'kuwapeza atatchena kale, tayi ndi zonse, ali pa mpando wa ndalema pabwalo. Nditangotulutsa kamera m'chikwama anaimirira njo, manja m'mbali, chibwano m'mwamba ngati msilikali pa perete. Ndinajambula, ndipo ndi chachitatu pa zithunzi zimene ndakutumizira. Tachiyang'ananso bwino. Suti ikuoneka, nsapato zikuwala, koma mwini wake mulibemo.

Kaimidwe kameneka ndimakaona tsiku ndi tsiku anthu akabwera kudzajambulitsa tipo passe, kachithunzi kakang'ono ka pa chitupa cha BI. Anthu a msinkhu wa bambo ako kamera anaidziwira pa chitupa. Kenako kunabwera nkhondo, tonse n'kuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, nthawi ija Malawi anasunga anthu a kwathu kuno pafupifupi miliyoni imodzi. Ukukumbuka alendo aja ankafika ndi makamera aakulu ife tili pa mzere wolandira ufa? Anatijambula kangati, iwe ndi ine, mamina ali tsotsotso? Palibe anatifunsa dzina, ndipo palibe anatibweretsera chithunzi n'chimodzi chomwe. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 tinabwerera n'kupeza mabwinja, ndipo amene anali ndi tizithunzi ta ukwati tinapsera m'nyumba. Ndiye mkulu wotere ukamuloza ndi kamera, thupi lake limangodziwa kuti wabwera wodzamuwerenga.

Choncho ndinaika kamera pansi. Anabweretsa thobwa, tinamwa. Tinakamba za ng'ombe yawo yothyoka nyanga ija, za kukwera kwa feteleza, za mmene metikali ndi kwacha zikusinthanirana pa malire a Calomue, za iwe ndi ulesi wako wosabwera kumudzi. Patapita maola awiri anati kolala ikuwakanyanga pakhosi. Analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala jekete yawo yakale ya zigamba m'zigongono, chipewa kumutu, ndodo m'manja. Anakhala pakhomo penipeni, pa khonde, n'kunena kuti, "Ndijambule pano mwanawe, ndi pomwe ndimakhala." Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'mawa umenewo nkhono inatulutsa maso yokha.

Iyi si nzeru yanga ndekha ayi. Ku Bamako, m'dziko la Mali, kunali wojambula wotchedwa Seydou Keïta amene anatsegula studio mu 1948. Ankajambulira pabwalo la nyumba yake ndi kuwala kwa dzuwa, atapachika nsalu ya maluwa kumbuyo. Ankasunga wailesi, wotchi, cholembera, njinga, ngakhale zovala, kuti wobwera asankhe yekha chimene akufuna kuoneka nacho. Filimu inali yodula, ndiye kawirikawiri munthu mmodzi ankamujambula kamodzi kokha. Taganiza, kamodzi! Ine ndi kamera ya masiku ano ndimatha kutchaya zithunzi 200 pa ukwati umodzi n'kusowabe chabwino. Chimene ndinatola kwa mkuluyu n'chakuti ntchito yaikulu imachitika chala chisanadinize, ndipo wosankha kaonekedwe ndi mwini nkhope. Bambo ako akanakhala omasuka mu suti, ndikanawakulitsira cha suticho mosanyinyirika. Koma suti unasankha ndiwe uli ku Johannesburg. Jekete anasankha okha.

Za kumwetulira ndinawapempha kamodzi. Anandiyang'ana n'kuti, "Zidzukulu zanga za ku Johannesburg sizinandionepo. Ukufuna zikandione koyamba mano ali pamtunda ngati ndaledzera?" Sindinabwerezenso. Ndipotu chizolowezi chouza anthu kuti aseke pojambulidwa n'chatsopano. Luso lojambula ndi kamera litalengezedwa ku Paris mu 1839, wojambulidwa ankayenera kukhala duu osaphethira kwa nthawi ndithu, ena ankawachirikiza mutu ndi chitsulo kumbuyo kuti asagwedezeke. Kuseka kunabwera pambuyo. Ine ndikauza munthu kuti amwetulire, amandipatsa nkhope ya alendo, imene amasungira a boma ndi apongozi. Ndimakumbukira chithunzi cha Ricardo Rangel, mkulu wa ojambula m'dziko lathu lino, amene anamwalira mu 2009. Ndi cha kamnyamata koweta ng'ombe kamene bwana wake wachitsamunda anakaotcha pamphumi ndi chitsulo chamoto chifukwa ng'ombe inasowa. Mwanayo sakulira. Akungokuyang'ana basi, ndipo amene umayamba kugwetsa maso ndiwe. Sindikufanizira ntchito yanga ndi ya Rangel, ndingachite manyazi. Ndikungoti nkhope ikasiyidwa payokha imanena zambiri. Kulitsa chithunzi cha bambo pa foni yakoyo, uyang'ane pakona ya diso lakumanzere. Kuseka kulipo, angokubisa.

Tsopano za dzenje lako lija. Mdima uli kumbuyowo ndi m'kati mwa nyumba imene iwe unagonamo titabwerako ku Malawi. Ndinausiya dala. Kamera ili ndi kachipangizo koyeza kuwala, ndipo n'kopusa ndithu. Ukaimika munthu wakuda pa khoma loyera la njereza, iko kamaona kuyera kwa khoma n'kuchepetsa kuwala konse, nkhope n'kusanduka chikuni. Ukati uwonjezere ndi fulashi, pamphumi pamanyezimira ngati wadzola mafuta ophikira. Vutoli ndi lakale. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi la chithunzi cha mayi wachizungu kuti aziyezera mitundu pa khungu lake, ndipo khungu ngati lathu silinali m'maganizo. Ine ndimayeza kuwala pa tsaya la munthu, zina zonse zitsatire. Pakhomo paja kuwala kunkalowa cham'mbali, pansi pa denga la udzu, kofewa bwino. Mbali ina ya nkhope inada kwambiri, ndiye ndinapatsa kamwana ka mlongo wako thumba loyera la ufa kuti kagwire chapafupi, kuwala kubwerere pa tsayapo. Lenzi ya 50mm, yotsegula kwambiri pa f/2.8 kuti kuwala kulowe kochuluka, diso loyandikira ndi limene ndinalunjika. Palibenso china.

Ndinaphunzira kuopa dzuwa ndikujambula maukwati mumzinda wa Tete. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, akwati amatuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo, ndipo onse amafuna kukajambulitsa poonekera mlatho wa Samora Machel. Zotsatira zake maso amasanduka maenje awiri akuda, mphuno n'kuponya mthunzi pakamwa. Ndinkawakokera pansi pa mtengo akukana. Kodi unayamba waganizapo kuti m'chinenero chathu chithunzi ndi mthunzi ndi pachibale? Amene anatcha dzinali anaona bwino. Pa nkhope ya bambo ako, makwinya onse amene ukuwaona akuonekera chifukwa khwinya lililonse lili ndi kamthunzi kake. Ndikanawalitsa ponseponse, ndikanakutumizira nkhalamba ina yosalala, yosadziwika kwawo.

Koma chimene chandilembetsa kalata yaitali chonchi ndi mthiko.

Titamaliza, bambo anandifunsa ngati makina angawa angathe kutulutsa chithunzi cha munthu amene anapita. Ndinati ayi, pokhapokha patakhala chakale choti ndikonze. Iwe ukudziwa kuti cha mayi ako palibe. Cha pa chitupa chawo chinafufutika ndi madzi mpaka pangotsala banga. Anakhala chete, kenako analowa kuchipinda n'kutulutsa dengu lokutidwa ndi kapulana. M'katimo munali mthiko, chipande, lichero laling'ono losokedwa pamlomo ndi waya, kolona ya mikanda yakuda imene analandira ku mishoni ya Lifidzi, ndi kamphika ka ndiwo kokutidwa ndi mwaye. Sanandiuze kuti jambula. Anangoika pamphasa n'kubwerera pampando.

Kujambula zinthu zongokhala chonchi Apwitikizi amakutcha natureza-morta, kunena kuti chilengedwe chakufa. Dzina limeneli sindinalikondepo. Ndi ntchito yakale kuposa yojambula nkhope, chifukwa poyamba kamera inkafuna mphindi zambiri kuti igwire kanthu, ndipo munthu sakanapirira. Chimodzi mwa zithunzi zoyambirira za Louis Daguerre, mmodzi wa oyambitsa luso la kamera, cha 1837, n'cha ziboliboli ndi katundu wina ali pakona ya chipinda. Ine zinthu zoterezi ndimajambula madzulo makasitomala akatha: tomato wa pamsika, mapichesi a ku Tsangano, nsapato yakutha. Palibe amandilipira. Ndimachita chifukwa phwetekere sakunyengerera ndipo sungamuuze kuti tembenuka. Chithunzi chikaipa, wolakwa ndiwe ndi kuwala kwako.

Ndiye ndinayamba kuyala zinthu za mayi mwaukatswiri wanga. Chachitali kumbuyo, chaching'ono kutsogolo, kolona nditaizunguliza bwinobwino. Nditayang'ana mu kamera zinaoneka ngati malonda a pa msika wa Lizulu, kungosowa mtengo. Ndinasintha kanayi, osatheka. Bambo ako anandileka ndivutike, kenako anadzuka n'kuti, "Iwowo sankaika choncho." Anavundikira lichero, chipande n'kuchigoneka pamwamba pake chafufumimba, mthiko n'kuutsamiritsa pa kamphika, chogwirira chikuloza kumanzere. Kolona anaichotsa n'kuiika m'thumba la jekete, amvekere imeneyo si ya kukhitchini. Ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa zomwe ndimalalikira za nkhope ndinaziiwala pa mthiko.

Kuwala kwa m'mawa kunali kutapita, ndiye tinadikira. Cha m'ma 4 koloko dzuwa linapendeka n'kulowa pakhomo chokwawa pansi. Miyendo ya kamera ndinaiiwala ku Ulongwe, choncho ndinavundikira mtondo n'kukhazika kamera pamenepo, lenzi nditaitseka pa f/8 kuti chilichonse chioneke mpaka ulusi wa nsungwi. Kuwala kochokera kutsogolo kumafafaniza zipsera za chinthu, pomwe kodzera m'mbali kumazidzutsa. Ndi pamene ndinaona chimene maso anga anachiphonya tsiku lonse. Mutu wa mthikowo unadyeka mbali imodzi, chopendekera, chifukwa cha zaka zokhula pansi pa mphika. Mithiko yambiri imene ndaiona imadyeka mbali inayo. Pa chogwirira pali malo akuda osalala pomwe chala chachikulu chinkakhala, ndipo nditayesa kugwira ndi dzanja lamanja chala changa sichinagwerepo. Nditasinthira kumanzere chinalowa ngati muyezo.

Ndinafunsa bambo ngati mayi anali amanzere. Anaseka koyamba tsiku limenelo, kuseka kwenikweni kogwedeza mapewa, ndipo kamera inali italoza pamphasa. Anati azakhali awo anayesetsa kuwamenya dzanja ali mtsikana kuti azidyera lamanja, ndipo kudya anasinthadi, koma kuvundula nsima anakana mpaka kumanda. Ine ndadya nsima ya m'nyumba mwanu zaka zonse zija, ku Dedza ndi kuno, osazindikira. Kaya iwe unkadziwa.

Ukati unandituma kukajambula munthu, sindikukutsutsa. Ndinajambula awiri.

Lachisanu ndikutsikira ku Tete kukatsukitsa zazikulu, chifukwa makina anga kuno amathera pa zazing'ono. Ndikwera chapa, minibasi ya kuno, cha m'mamawa kudzera pa Mussacama ndi Moatize, ndipo ndiziika m'makatoni olimba kuopa fumbi la malasha. Bambo asankha ziwiri za pakhoma pawo, cha pakhomo ndi cha mthiko. Cha suti ati chipite kwa amene anagula suti. Ndikupatsira zonse zitatu kudzera kwa dalaivala wa lole yodutsa pa Cuchamano, ndipo ndikuuza tsiku akanyamuka. Upachike chimene ukufuna, nyumba ndi yako. Ndalama ya ntchito usatumize, ungobweza ya mapepala ndi ya chapa.

Pa kavidiyo kamene unatumiza pa Khirisimasi, mwana wako wachiwiri uja ankadya phala. Ndakaonera kangapo koma dzanja silikuoneka bwino chifukwa unajambula moyang'anizana ndi windo, mwana yense n'kuda bii. Ulendo wina windo lizikhala pambali pako. Ndipo undiuze kuti supuni amagwirira dzanja liti, bambo ako akufunsa.

Upereke moni kwa alamu.

Ndine mnzako,
wa kamera uja