Giyabokisi imapsa mwakachetechete pa chitunda cha Chikwawa

A Mkonzi,

Tipatseniko malo tilankhule ndi eni mapikiapu amene amakoka kalavani kuno ku Chigwa cha Shire: alendo obwera kudzagona ku Majete, Lengwe ndi Mwabvi, komanso anzathu okoka ngolo za thonje, mbuzi ndi feteleza pakati pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Nkhani yathu ndi giyabokisi ya otomatiki, imene ambiri amaikumbukira pokhapokha ikayamba kununkha.

Kamuvi kamene mumakayang'ana pa dashibodi kamayeza madzi a injini basi. Kakhoza kukhala phee pakati pamene oyilo wa giyabokisi akuwira pansi pa mpando wanu. Oyiloyu amagwira bwino ntchito pa madigiri 80 mpaka 95. Akapitirira 110 kwa nthawi yaitali amayamba kukalamba msanga, ndipo akafika cha m'ma 120 timalabala totseka oyilo timauma, mbale za kilachi zam'kati zimayamba kuterera. Zikangoterera zimawonjezera moto, motowo nkuwonjezera kuterera. Giyabokisi siifa tsiku lomwelo. Imadzafa patapita miyezi, mwini wake nkumati anamugulitsa galimoto yowola.

Moto wambiri umachokera mu torque converter. Chitsulochi chili ngati mafani awiri oyang'anizana omizidwa mu oyilo: ina imazunguzidwa ndi injini, inayo imakankhidwa ndi oyilo woponyedwa ndi inzakeyo. Galimoto ikamathamanga pa msewu wosalala, kakilachi kena kamamanga mafani awiriwa kuti azizungulira limodzi, ndipo kutentha kumachepa. Koma ikalemedwa pa mtunda, kakilachiko kamamasuka, fani imodzi nkumatsalira, mphamvu yotayikayo yonse nkusanduka moto mu oyilo.

Tsono ganizirani msewu wa M1 kuchokera pa Thabwa kukwera ku Blantyre. Chikwawa ili mamita ngati 100 pamwamba pa nyanja yamchere, Blantyre ili pa 1,000 ndi kuposerapo. Makhota ndi ambiri, kutsogolo kuli thiraki ya shuga ikukwawa, simungathamange kuti mphepo ilowe bwino mu rediyeta. Mu Okutobala ndi Novembala mphepo yakeyo imakhala itafika kale madigiri 40. Apa ndi pamene dalaivala wosiya giya pa D amalakwira galimoto yake. Giyabokisi imasintha kupita mmwamba, injini ikalephera imabwerera pansi, kenako mmwamba, osakhazikika, ndipo kusintha kulikonse ndi kuterera kwa mbale. Giya sankhani nokha musanayambe kukwera. Ikani pa 3, pamene pakwera kwambiri pa 2, kapena gwiritsani ntchito S ndi M, zokulolani kusankha giya nokha, ngati galimoto yanu ili nazo. Injini ya dizilo izizungulira maulendo 2,500 mpaka 3,000 pa mphindi (rpm). Ena amaopa phokosolo poganiza kuti akupha injini, chonsecho pa liwiro limeneli pampu ya oyilo, pampu ya madzi ndi fani zimathamanga bwino, converter nayo siiterera kwambiri. Ngati pali batani la O/D (lolola giya yapamwamba kwambiri) lizimitseni, ngati pali la Tow/Haul (lokokera katundu) liyatseni. Izi muchite ngakhale pa msewu wafulati wopita ku Nsanje mphepo ikamakuwombani kumaso, pakuti kalavani yaitali imagwira mphepo ngati chipupa.

Osayendera maloto. Mapikiapu ambiri a masiku ano ali ndi polumikizira makina oyezera galimoto, potchedwa OBD2, pansi pa chiwongolero, ndipo kachipangizo kotchipa kolumikiza ndi foni kamatha kuonetsa kutentha kwa oyilo wa giyabokisi, ngakhale pa mitundu ina mufunika pulogalamu yodziwa galimotoyo. Pa galimoto yakale makaniko akhoza kuika geji yakeyake. Mukaona 105 tsitsani giya ndi kuchepetsa phazi. Mukaona 120, kapena nyali ya A/T OIL TEMP ikayaka, pezani malo otakasuka, imani, mangani handibuleki, ikani miyala kumatayala a kalavani, giya pa P. Injini musazimitse. Tikubwereza chifukwa apa ndi pamene ambiri amaphonya: mukazimitsa, pampu imaima, oyilo wotentha amangokhala mu converter osapita kozizira. Isiyeni ilire mphindi 10 kapena 15, eyakoni itazimitsidwa, mpaka nambala itsike pansi pa 100.

Oyilo wa giyabokisi amaziziritsidwa ndi kachitsulo kokhala m'madzi a injini, kawirikawiri m'thanki ya rediyeta. Ndiye rediyeta yotsekeka ndi fumbi, ubweya wa thonje ndi zinyalala za nzimbe ndi vuto la giyabokisinso. Tsukani ndi madzi osathamanga kwambiri kuchokera mbali ya injini kupita kunja, osaiwala mpata wa pakati pa rediyeta ndi kondensa ya eyakoni, mmene zinyalala zimabisala. Fani yoyendera mafuta muiyese injini itatentha ndi kuzimitsidwa: ikamazungulira mopepuka mukaikankha ndi dzanja, yatha. Amene amakoka mlungu uliwonse aike kula (karediyeta koziziritsa oyilo) yoonjezera kutsogolo kwa kondensa. Oyilo atuluke mu giyabokisi, adutse mu rediyeta kaye, kenako mu kula yatsopanoyo, nkubwerera. Paipi ikhale yopangidwira oyilo wa giyabokisi, osati yamafuta a dizilo, chifukwa iyo imafewa nkuphulika, ndipo malita angapo amathera pa phula m'kamphindi. Mukamaliza onjezerani oyilo wolowa mu kula ndi m'mapaipi.

Oyilo wabwino amakhala wofiira ndi woonekera. Akada ngati tiyi wopanda mkaka nkumanunkha chopserera, wapsa. Akaoneka ngati mkaka wapinki, kachitsulo ka mu rediyeta kabooka, madzi alowa, ndipo galimotoyo isayende ngakhale kufika pa msika. Poyeza, galimoto ikhale pafulati, yotentha, injini ikulira. Mapikiapu ambiri atsopano alibe ndodo yoyezera, amayezedwa pa bawuti ya pansi oyilo ali pa kutentha kolembedwa m'buku, choncho apatseni odziwa. Wochepa amachititsa mbale kuterera, wochuluka amachita thovu, zonse zimatenthetsa. Mtundu wake musalole kuti wogulitsa akusankhireni ndi mawu akuti zonse nzofiira. Toyota WS si T-IV, Mercon LV si Dexron III. Kwa wokoka katundu kuno ife timalangiza kusintha pa makilomita 40,000, pamodzi ndi sefa ngati giyabokisiyo imalola. Dziwaninso kuti kutsegula bawuti kumatulutsa malita atatu kapena anayi okha, wina wambiri amatsalira mu converter. Ngati oyilo anada, sinthani kawiri kapena katatu, mukuyendako pakati.

Za kulemera tinena mwachidule. Nambala ya 3,500 kg imene mumamva kuti pikiapu ingakoke ndi ya mitundu ina yokha, ndiponso ndi ya kalavani yokhala ndi mabuleki akeake. Yopanda mabuleki malire ake kawirikawiri ndi 750 kg. Madzi lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 100 ikhuthuleni musanakwere chitunda, mukatunga ku Blantyre. Nyamukani m'bandakucha kusanatenthe.

Malo ena amene giyabokisi imapsa opanda phiri ndi mumchenga wa m'mitsinje youma ndi pobweza kalavani chammbuyo pa malo ogona. Galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, phazi lili pansi, mphepo palibe. Ikani 4L (giya yamphamvu yoyendetsa matayala onse anayi pang'onopang'ono), ntchito yolemetsa igwire transfer case, bokosi logawa mphamvu kumatayala. Mukatitimira musakankhe uku mukusintha D ndi R. Masulani kalavani, kumbani, tsitsani mpweya m'matayala. Ndipo pa mtunda musagwirize galimoto ndi akiseleta podikira, pondani buleki.

A giya yamanja nanunso musakoke pa giya 5 kapena 6 pokwera. Pa magiyabokisi ambiri a magiya asanu, giya 4 ndi imene imadutsitsa mphamvu molunjika osalemetsa timagiya tam'mbali. Potsika kupita ku Thabwa, kaya ndi otomatiki kaya yamanja, tsikani ndi giya yomwe mukanakwera nayo kuti injini igwire galimoto, mabuleki asapse musanafike pa mlatho wa Kamuzu.

Okonza magalimoto,
Nchalo