Mwana wosamva bwino mukumukhazikiranji kumbuyo?

Akonzi,

Ndiloleni nditulutse zomwe zandikhala pakhosi. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ali m'kalasi yachinayi pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Angónia. Khutu lake lakumanzere linatseka atadwala ali wakhanda, ndipo lakumanja limamva pokhapokha wolankhulayo akhale pafupi. Mayi ake anapereka kalata ya kuchipatala ku ofesi chaka chitangoyamba. Koma mpaka lero mwanayu amakhala pabenchi yomalizira, msana uli kukhoma, chifukwa ana akuti amakhala motsata manambala a m'kaundula, ndipo dzina lake limayamba ndi chilembo chakumapeto. Sabata yatha anawayesa ditado, mayeso olemba mawu amene aphunzitsi akutchula. Aphunzitsi ankatchula mawu a Chipwitikizi akuyendayenda, nthawi zina atafulatira, mvula ikuwomba malata. Mwana anapeza 2 pa 20, ndipo m'munsi mwake munalembedwa ndi cholembera chofiira kuti ndi waulesi.

Waulesi! Mwana amene madzulo aliwonse amakabwereka kope kwa mnzake n'kumakopera powunikira tochi ya foni mpaka maso kufiira? TPC, ntchito yokalembera kunyumba, amalengeza pakamwa belu likulira, anzake akuphwanyirana pakhomo. Iye aimvera kuti? Mawa lake akapita osalemba, amamupatsa tsache kuti akasese bwalo.

Nditapita kukadandaula, a kuofesi anandiyankha mwaulemu wonse kuti akamusuntha, makolo ena adzati pali kukondera. Ndiye kuti kaundula ndi wopatulika kuposa makutu a mwana. Zikomo kwambiri, bwana, taphunzirapo. Sitinapemphe makina a m'khutu ochokera ku Maputo ayi. Tinapempha kuti benchi ikokedwe masitepe ochepa, chinthu chosafuna ngakhale metical imodzi ya ndalama za ADE, zija boma limapereka zothandizira sukulu.

Inu akuluakulu a maphunziro m'boma lino ndi ku Tete, mapepala anu amanena bwino zedi. Dziko lino la Mozambique linayamba ndondomeko yoti ana olumala aziphunzira limodzi ndi anzawo mu 1998. Mu 2012 linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala. Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi ya 9, ndipo palinso dongosolo lina la maphunziro ophatikiza loyambira 2020 mpaka 2029. Malo othandizira maphunziro otere m'chigawo chapakati anamangidwa mumzinda wa Tete. Zonsezo n'zabwino. Koma mayi wolima mbatatesi ku Tsangano sangakweze mwana wa zaka khumi basi kupita naye kumunsi kotentha kuja n'kukamusiya. Thandizo liyenera kukwera phiri, lifike m'kalasi momwe mwanayo ali.

Aphunzitsi sindikuwaponyera mlandu wonse. Munthu mmodzi ana thoo m'chipinda, ena pansi, m'mawa gulu ili, masana gulu lina, ndipo ambiri sanauzidweko kuti mwana wosamva amawerenga milomo. Komatu chigawo chino n'chomwe chili ndi malasha a ku Moatize ndi magetsi a Cahora Bassa oyatsa mpaka ku South Africa, pamene kalasi ya mphwanga kukachita mitambo bolodi silioneka n'komwe. Nanga wachialubino amene maso ake saona patali? Nanga uja wa njinga ya olumala amene anzake amachita kumunyamula pa sitepe ya chimbudzi? Ambiri amangosiya, ife n'kumati analibe mutu wa sukulu.

Chitani izi msanga: polembetsa ana, funsani makolo za maso, makutu ndi miyendo, mulembe. Ana otere akhale kutsogolo, TPC ilembedwe pabolodi belu lisanalire, apatsidwe mnzawo wowathandiza kuona makope, ndipo pa mayeso awonjezeredwe nthawi. A komiti ya sukulu azilowa m'kalasi kukaona okha. Ine Lolemba ndikupitanso, benchiyo ndikakoka ndekha.

Malume wokwiya,
Angónia