Amayi oyendetsa njinga zamoto ndi chitetezo cha pamsewu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndifotokozeko za msonkhano wa kalabu ya amayi oyendetsa njinga zamoto umene ndinapezekapo kuno ku Johannesburg. Unachitika pokumbukira tsiku la amayi oyendetsa njinga zamoto padziko lonse, lotchedwa International Female Ride Day, limene analiyambitsa mayi Vicki Gray a ku Canada m'chaka cha 2007, ndipo masiku ano limakumbukiridwa m'mayiko ambiri Loweruka loyamba la mwezi wa Meyi.

Chimene chinandigwira mtima si kukongola kwa njingazo ayi, koma mwambo umene amayiwo anali nawo. Asananyamuke, aliyense anaona mpweya wa matayala, mabuleki, tcheni ndi nyali, ndipo panalibe amene analoledwa kulowa mumsewu wopanda chisoti, magolovesi ndi jekete yolimba. Mumsewumo sanayende mothinana. Anatalikirana mosinthanasinthana, wina chakumanja wina chakumanzere, kuti wotsogola akaima mwadzidzidzi wapambuyo akhale ndi mpata woimira. Ongoyamba kumene anawaika pafupi ndi mtsogoleri, ndipo kumbuyo kwenikweni kunali mayi wodziwa bwino msewu, woyang'anira kuti pasakhale wotsalira.

Kwathu ku Malawi njinga za kabaza zadzaza m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, koma si zachilendo kuona anthu atatu panjinga imodzi, onse opanda zisoti. Amayi ndiwo amakwezedwa kawirikawiri, ena ali ndi mwana kumsana, pamene oyendetsa achikazi ndi ochepa kwambiri. Ndikupempha nthambi yoona za pamsewu kuti ithandize amayi ofuna kuphunzira kuyendetsa ndi kutenga ziphaso, ndiponso nyuzipepala yanu izilemba za amene ayamba kale.

Ine wowerenga wanu,
Johannesburg