Mawu oti "shuga wakwera pang'ono" asatigonetse tulo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu za anthu amene akayezetsa magazi amauzidwa kuti shuga wawo wakwera pang'ono koma sanafike pokhala matenda. Alamu anga anauzidwa mawu amenewa zaka zinayi zapitazo, ndipo kapepala ka zotsatira anangokapinda n'kukaponya m'thumba la jekete, kunyumba n'kudzatiuza kuti adokotala ati zonse zili bwino. Chaka chatha anayamba kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, ludzu losatherapo, thupi likungotha, ndipo atabwerera kukayezetsa anawapeza ndi matenda a shuga enieni. Sindikuimba mlandu amene anawayeza, koma ndikukhulupirira kuti akanawafotokozera zimene zinkawaika pachiopsezo kuposa anthu ena, akanachitapo kanthu nthawi ikadalipo.

Anthu ouzidwa mawu amenewa sali pamtunda wofanana ndi matendawa. Munthu akayezedwa m'mawa asanadye kanthu, shuga wa pakati pa 5.6 ndi 6.9 mmol/L (muyezo wa shuga m'magazi) amatengedwa kuti ndi wokwera malinga ndi bungwe la American Diabetes Association, pamene la World Health Organization limayambira pa 6.1, ndipo onse amagwirizana kuti kuyambira pa 7.0 ndi matenda. Palinso kuyeza kwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'magazi kwa miyezi pafupifupi itatu, ndipo malire ake ndi 5.7 mpaka 6.4 peresenti. Munthu wa 6.4 waima pakhomo penipeni pamene wa 5.7 akadali patali, komatu onse awiri amatuluka m'chipinda cha dokotala atamva mawu amodzimodzi. Mwa anthu 100 alionse oterewa, pakati pa 5 ndi 10 amalowa m'matenda chaka chilichonse, ndipo amene amafulumira kwambiri ndi aja shuga wawo amakhala wokwera asanadye n'kukhalanso wokwera patatha maola awiri atamwetsedwa madzi a shuga kuchipatala.

Chimene ndikufuna owerenga achimvetse bwino ndi nkhani ya mafuta a pamimba, chifukwa ambiri timayang'ana sikelo n'kuiwala lamba. Ntchito ya insulini, amene amapangidwa m'kapamba, ndi kuthandiza shuga kuchoka m'magazi n'kulowa m'minofu, komanso kuletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri. Mafuta amene amaunjikana mkati mwa mimba ndi m'chiwindi amachititsa thupi kusamvera insulini, choncho kapamba amakakamizika kupanga wochuluka kuti shuga asakwere. Kwa zaka zingapo amakwanitsa ndithu, ndipo n'chifukwa chake munthu samva kupweteka kulikonse, koma maselo opanga insulini aja amatopa pang'onopang'ono mpaka kulephera. Alamu angawa sanali munthu woti mungamutchule wonenepa, miyendo ndi manja zinali zowonda, koma pa zaka zinayi zija anaboola mabowo awiri atsopano pa lamba wawo, ndipo ntchito yawo ndi yokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kukhala pansi kotereku kumawonjezera vutoli, popeza minofu yogwira ntchito ndiyo imatenga shuga wambiri m'magazi.

Pali zina zimene munthu sangazisinthe koma ayenera kuzidziwa, monga ukalamba ndiponso kukhala ndi kholo kapena m'bale wobadwa naye amene ali ndi matendawa. Amayi amene shuga wawo anakwera ali oyembekezera ali pachiopsezo chachikulu kwambiri ngakhale shugayo atatsika mwana atabadwa, ndipo ndimadandaula kuti ambiri, chifukwa chotanganidwa ndi khanda, sabwereranso kukayezetsa. Kusuta fodya kumawonjezera chiopsezo, chimodzimodzinso kumwa kwa nthawi yaitali mankhwala ena monga prednisolone, ngakhale kuti mankhwala oterewa munthu sayenera kuwasiya yekha asanakambirane ndi dokotala.

Umboni woti matendawa angachedwetsedwe kapena kupewedwa ulipo. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program wa ku United States, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsatira anthu oposa 3,000 a shuga wokwera. Amene anathandizidwa kusintha kadyedwe ndi kuchita masewera olimbitsa thupi, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 pa sabata ndi cholinga chochepetsa thupi ndi 7 peresenti, chiopsezo chawo chinatsika ndi 58 peresenti, pamene kwa amene anapatsidwa mankhwala a metformin chinatsika ndi 31 peresenti. Kwa munthu wolemera makilogalamu 90, zimenezi zikutanthauza kuchotsa makilogalamu 6 okha kapena kupitirira pang'ono, ndipo chondichititsa chidwi n'chakuti okalamba a zaka 60 kupita m'mwamba ndiwo anapindula koposa.

Pempho langa kwa achipatala ndi lakuti pomuuza munthu kuti shuga wake wakwera, amulembere nambala yeniyeniyo, amuyeze m'chiuno, amufunse za makolo ake, za fodya ndi za mimba zakale ngati ali mayi, kenaka amupatse tsiku lodzayezetsanso chaka chisanathe. Akazi awo a alamu anga anakapeza kapepala kaja m'jekete mwezi watha, ndipo panalembedwa 6.8 mmol/L.

Ine wowerenga wanu wa nthawi zonse.