Ana a m'malire aphunzire Chipwitikizi

Akonzi,

Ndimagulitsa mtedza pa Mkanda kuno ku Mchinji. Mwana wanga wamkazi akufuna chilankhulo china kuwonjezera pa Chingerezi, ndipo anzake akumukokera ku Chifalansa. Ine ndamuuza kuti ayambe Chipwitikizi.

Chifalansacho adzalankhula ndi yani? Ku Congo n'kutali. Koma Mozambique ndi pakhomo pomwepa. Feteleza ndi mafuta ambiri amalowera ku Beira ndi ku Nacala, ndipo mapepala a kumadoko kumeneko amafuna munthu wodziwa Chipwitikizi. Ntchito imeneyo bwanji asaigwire mwana wathu? Ku Chipata sitisowa womasulira, Chinyanja chimatikwanira, koma ukafika ku Beira umangoloza ndi chala.

Unduna wa Zamaphunziro uganizireko zoyambitsa Chipwitikizi m'masekondale, makamaka m'maboma a m'malire ngati lathuli.

Mayi wa pa Mkanda,
Mchinji